Ufa sunathe m'mbiya: zomwe zinandichitikira ku Joni

Amene sanafikeko ku Joni amaganiza kuti choopsa kuno ndi mfuti ndi mbava basi. Zimenezo zilipo, sindingakane. Koma mantha amene amamudya munthu mpaka kuwonda ndi ena, a tsiku ndi tsiku, osaoneka ndi maso. Mwezi ukafika pa 25 ndalama ya lendi isanakwane, tulo timathawa. Galimoto ya apolisi ikaima pafupi ndi pokwerera takisi, umayamba kuwerenga chamumtima masiku amene anakudindira mu pasipoti. Foni ya kumudzi ikalira usiku, umaiyang'ana kaye, dzanja likunjenjemera, usanayankhe. Ukadwala umaopa kugona, poti ukajomba lero, mawa ukapeza pamalo pako paima wina. Ndikulemba izi poganizira achemwali ndi achimwene anga amene akusenza mantha amenewa okhaokha, ena mpaka kumadziona ngati Akhristu operewera chifukwa choti akuopa.

Kwathu ndi ku Mulanje, cha ku Muloza, kufupi ndi malire a Mozambique. Ndinabwera kuno mu 2017, bambo a ana anga atamwalira, ndipo ana anga awiri ndinawasiya m'manja mwa amayi. Njira ya ku Joni si yachilendo pabanja pathu. Agogo aamuna anadzagwirako ntchito m'migodi nthawi ya Wenela, ndipo anabwerera kumudzi Kamuzu ataletsa zolemba anthu ntchito ya kumigodi, ndege yonyamula anthu ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi 74. Koma iwo ankanyamuka atalembedwa kale ntchito, kogona akukudziwa, tsiku lobwerera akulidziwa. Ife a masiku ano timanyamuka ndi nambala ya foni ya munthu mmodzi, ndi pasipoti imene pachipata amaidinda masiku 30. Basi ndinakwerera pa Wenela pomwepo mu Blantyre, kudzera ku Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka pa Park Station. Unali mwezi wa Juni. Chiperoni cha ku Mulanje ndimachidziwa, koma kuzizira kwa kuno n'kwina, kumalowa mpaka m'mafupa.

Anandilandira ndi msuweni wanga ku Rosettenville, kum'mwera kwa tawuni. Nyumba yake inali chipinda chimodzi chogawa pakati ndi nsalu, mbali inayo kukugona banja lina la ku Zomba, bafa ndi pophikira zogawana ndi anthu a m'zipinda zina zonse. Ndinayamba ndi maganyu, kuchapa, kusita, kukolopa, kenako ndinapeza ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Kudzuka kukadali mdima, takisi yoyamba mpaka m'tawuni, wapansi kukafika pokwerera takisi pa Bree, takisi yachiwiri. M'takisimo sindinkayankhula, foni ilire bwanji, chifukwa lilime limaulula kumene wachokera. Ndalama za anzanga ndinkangozipatsira kutsogolo pakamwa pali chitsekere.

M'chikwama changa munali Baibulo ndi yunifolomu ya Mvano, poti ndinakulira mu CCAP. Msuweni wangayo ananditengera kumene Amalawi anzathu amapemphera, mu holo yochita lendi, Lamulungu masana, nthawi imene ambiri ogwira ntchito m'nyumba ndi osamalira maluwa a mabwana amakhala atamasuka. Nditamva nyimbo ikuimbidwa m'Chichewa misozi inangotsika yokha. Komabe chimene chandisunga kwambiri zaka zonsezi ndi mphakati wathu, kagulu ka ife okhala ku Rosettenville ndi ku Turffontein, kamene kamakumana m'zipinda zathu mosinthana, ena pa bedi, ena pa zigubu, ana pamiyendo.

Miyezi yoyambirira pemphero langa linali limodzi lokha: Ambuye, ndichotsereni mantha. Sanachoke. Tsiku lina ndinanena poyera pamphakati, ndipo bambo wina wachikulire wa ku Ntcheu, amene wakhalitsa kuno kuposa tonse, anatsegula Yoswa mutu 1 n'kundipatsira. Anati ndiwerenge ndekha, ndione kuti Mulungu akumuuza Yoswa kangati kuti akhale wamphamvu ndi kulimba mtima. Ndinapeza katatu, m'mavesi ochepa chabe.

"Mwana wanga," anatero, "munthu wosaopa sumuuza katatu kuti alimbe mtima. Yoswayo ankaopa. Koma Yorodano anaoloka."

Kuyambira pamenepo ndinayamba kupempha zina: Ambuye, ndipatseni mphamvu yotulukira pakhomo lero. Pemphero limeneli lakhala likuyankhidwa, ngakhale m'masiku amene mtima unkagunda mpaka kukhosi.

Bambo a ku Ntcheu aja anaona ndi maso zipolowe zolimbana ndi alendo za mu Meyi 2008, zimene zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62. Ine ndinaona za mu Seputembala 2019, pamene masitolo ndi magalimoto zinatenthedwa ku Jeppestown ndi ku Malvern, kuthyola masitolo n'kufika mpaka ku Turffontein, pafupi ndi ife. Tinadzitsekera, magetsi ozimitsa, mwana wa banja la ku Zomba lija amake atamutseka pakamwa kuti asalire. Madzulo ake chitseko chinagogodedwa. Anali agogo ena Achisuthu a nyumba yoyandikana nayo, mbadwa za dziko lino. Anatibweretsera buledi ndi mkaka, natiuza kuti tisatuluke, chofuna kugula titume mdzukulu wawo, ndipo zikavuta tidumphe mpanda tikalowe kwawo.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi Amalawi anzanga amene amati anthu onse a kuno amatida. Ambiri a iwo akuvutika ngati ife tomwe, ana awo ophunzira ali khale pakhomo opanda ntchito. Mu Yeremiya 29 mneneri analembera kalata anthu ake amene anatengedwa ukapolo ku Babulo, kuwauza kuti amange nyumba, alime minda, ndiponso afunire mtendere mzinda umene akukhalamowo ndi kuupempherera. Kupempherera mzinda umene anthu ena akukutukwana pamsewu n'kovuta kwambiri. Ine ndimayambira pa agogo aja ndi mdzukulu wawo, kenako pemphero limafika lokha kwa enawo.

Chaka chimene chinandiphunzitsa zambiri ndi 2020. Pa 27 Marichi dziko lonse linatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Poyamba anati masiku 21, kenako anaonjezera. Asilikali m'misewu, matchalitchi otseka, malire otseka, ma transipota amene amatinyamulira katundu wa kumudzi ndi kutibweretsera usipa ndi nandolo osayenda. Adona anga anandiimbira kuti ndikhale kaye kunyumba, koma za malipiro sanatchuleko. Thandizo la R350 limene boma linayamba kupereka silinali la anthu ngati ife. Msuweni wanga, amene amaluka tsitsi, nayenso ntchito inaima. Kumudzi amayi akufunika mankhwala awo a BP, ana akufunika sopo ndi mchere, ndipo onse akuyang'ana kwa ine. Inafika nthawi imene tinatsala ndi ufa wa pansi pa thumba, timafuta tophikira ta pansi pa botolo, ndi kabichi mmodzi.

Popeza sitinkatha kukumana, mphakati unasamukira pa WhatsApp. M'mawa uliwonse munthu mmodzi ankadzijambula mawu akuwerenga Baibulo n'kutumiza pagulu. Tsiku lina mayi wina wa ku Thyolo anawerenga 1 Mafumu 17, nkhani ya mkazi wamasiye wa ku Zarefati, amene Eliya anamupeza akutola nkhuni kuti akaphike kaufa kotsiriza, adye ndi mwana wake, kenako afe. Nkhaniyi tonse timaidziwa kuyambira ku Sande sukulu. Koma mayiyu atatha kuwerenga anaonjezera mawu amene sindinawaiwale.

"Tamvani, amayi anzanga ndi abambo. Baibulo silikunena kuti mbiya ija inadzaza. Likuti ufa sunathe. Ndiye kuti m'mawa uliwonse mayi uja ankapisa dzanja m'mbiya yooneka yopanda kanthu, n'kupezamo wa tsiku limenelo. Mawa lake chimodzimodzi."

Ndinamvera uthengawo kobwerezabwereza. Mtima wanga unkafuna mbiya yodzaza, yoti ndikaisuzumira ndipume. Koma m'Baibulo monse Mulungu amakonda kudyetsa anthu ake mwa njira inayo. Mana a m'chipululu, mu Eksodo 16, ankatola a tsiku limodzi, ndipo wosunga a mawa ankawapeza atagwa mphutsi, kupatula potola a tsiku la Sabata. Ngakhale Pemphero la Ambuye, limene timalinena pamtima osaliganizira, limapempha chakudya chalero. Ndinazindikira kuti kulimba mtima nakonso kumabwera mwa muyeso womwewo. Ndikakhala pansi kuganiza za lendi ya miyezi itatu, fizi ya ana, mankhwala a amayi ndi mapepala, zonse nthawi imodzi, mawondo ankazizira. Koma za tsiku limenelo lokha ndinkazikwanitsa.

Nanga ufawo unkachokera kuti? Sindinaone ufa ukuchuluka wokha m'thumba, ndipo sindingakunamizeni. Ndinaona izi. Pamphakati pathu panali ena amene malipiro awo sanaime: alonda, amene ntchito yawo inkaloledwa kupitirira, ndi amayi ogonera konko kwa mabwana awo. Iwowa anayamba kusonkha. Ankagula thumba lalikulu la ufa, nyemba, mafuta ndi sopo, n'kugawa m'majumbo. Mlonda wina wa ku Machinga, amene anali ndi kalata yomulola kuyenda, ankasiya majumbowo pa mageti athu m'mawa akamachokera ku ntchito, maso ali psuu ndi tulo. Ifenso m'chipinda chathu tinakankha nsalu ija n'kuyamba kuphika mphika umodzi ndi banja la ku Zomba, kuti tisamalize magetsi ndi mafuta pawiri. Mayi wa ku Zarefati uja anauzidwa kuti ayambe wagawira mlendo, ndipo ife tinaona kuti mphika umodzi wa anthu asanu umafika patali kuposa miphika iwiri. Pa 1 Juni ogwira ntchito m'nyumba tinaloledwa kubwerera ku ntchito. Ngongole ya lendi ndinaibweza pang'onopang'ono mpaka chaka chinatha. Koma palibe tsiku limene tinagona osaika kanthu m'kamwa.

Pamenepa ndinenepo za aneneri, chifukwa nkhaniyi imandiwawa. Ku Joni kuno alipo ambiri ogulitsa mafuta, madzi ndi zomata pachitseko, olonjeza ntchito, banja, ngakhale mapepala, ukangodzala "mbewu". Amadziwa kuti munthu wamantha amapereka msanga. Mtsikana wina wa kwathu anapereka ndalama yonse ya lendi atauzidwa kuti ikabwera kakhumi, ndipo mwezi utatha katundu wake anamutulutsira panja. Tinamusunga ife. Elisa atachiritsa Namani anakana mphatso zake zonse, ndipo Petro anadzudzula Simoni wamatsenga chifukwa chofuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama. Chopereka n'chabwino, inenso ndimapereka mokondwa. Koma munthu akakuuzani mtengo wa pemphero, tengani chikwama chanu muzipita.

Mu 2022 ndinali nditasintha ntchito. Ndinadwala chifuwa kwambiri ndithu moti ku kiliniki anandiuza kuti ndipume, ndipo ndinawadziwitsa abwana anga. Nditabwerera ndinapeza pali kale munthu wina. Anandiuzira pa geti kuti sakundifunanso, ndipo malipiro a mwezi umene ndinagwira ndi a masiku ena a mwezi wam'mbuyo anati adzanditumizira. Foni yanga anasiya kuyankha.

Anzanga ena, mwa chikondi ndithu, anati, "Achemwali, kuno n'kwa eni, ingosiyirani Mulungu." Inenso mtima unkafuna zomwezo, chifukwa kukhala chete n'kosavuta. Koma bambo a ku Ntcheu aja anakana. Anatiwerengera Deuteronomo 24, pamene Mulungu akuletsa kupondereza waganyu wosauka, kaya ndi mbale wako kaya ndi mlendo wokhala m'dziko lako, ndipo akulamula kuti alipidwe dzuwa lisanalowe. Anawerenganso Yakobo 5, pamene malipiro obedwa a anthu okolola m'minda akufuula mpaka kumveka kwa Ambuye. "Ngati malipirowo akufuula," anatero, "mwini wake akhaliranji chete? Kukhululuka n'kwina, kulekerera n'kwina. Khululukani, koma ndalama ya ana anu kaifunseni."

Mtsikana wina wa mumpingo, amene amagwira ntchito muofesi, ndiye anandifotokozera za CCMA, bungwe limene limamva madandaulo a pakati pa antchito ndi mabwana. Kukadandaula kumeneko n'kwaulere. Ngati anakuchotsa ntchito mopanda chilungamo, uyenera kukapereka dandaulo pasanathe masiku 30. Anandiuzanso kuti kuyambira Marichi 2022 malipiro otsikitsitsa a wogwira ntchito m'nyumba anafanana ndi a antchito ena onse, R23.19 pa ola nthawi imeneyo, ndipo akhala akukwera chaka ndi chaka. Chimene chinandithandiza kwambiri ndi kakope kamene ndinkalembamo masiku ndi maola amene ndagwira, chizolowezi chimene amayi anandiphunzitsa pa maganyu othyola tiyi, pamodzi ndi mauthenga a pa WhatsApp ndi kalata ya ku kiliniki.

Tsiku lokakumana ndi abwanawo pamaso pa mkhalapakati ndinadzuka m'mimba mukupota. Mtsikana uja anapempha tchuthi ku ntchito kwake n'kundiperekeza, ndipo tinapemphera chamumtima titakhala pa benchi. Mawu anga ankanjenjemera, Chingerezi changa n'chopereweza, koma ndinanena zonse mmene zinayendera, kakope kali m'manja. Tinagwirizana, zinalembedwa, ndipo ndinalandira gawo lalikulu la ndalama yanga. Si yonse, koma inakwana fizi ya mwana wanga wamkulu. Kwa inu amene mukugwira ntchito m'nyumba za anthu: lembani masiku anu, musafufute mauthenga, ndipo mukachitiridwa zotere musachedwe. Lamulo la ntchito la dziko lino limateteza wantchito ngakhale ali mlendo. Ngati mapepala anu ali ndi vuto, yambani mwafunsa uphungu kwa mabungwe othandiza alendo mwaulere, ndipo musapite nokha.

Komabe pa zonse zimene ndadutsamo, pamene ndinafika pothera penipeni ndi mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwa kum'mwera kwa Malawi. Tinayamba kuona zithunzi pa Facebook: matope ndi miyala zikutsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, milatho itakokoloka, midzi ya ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu itasanduka mitsinje. Ndinaimba foni ya amayi, osapezeka. Ya achimwene, osapezeka. Ya aphunzitsi a pasukulu ya ana anga, osapezeka. Magetsi kunalibe, netiweki kunalibe, misewu itaduka. Ndinkamva dzina la Muloza likutchulidwa pakati pa malo ovutika kwambiri, ine ndili kutali, manja ali lende.

Masiku amenewo kupemphera kunandikanika. Ndikagwada mawu sankatuluka. Kudya osadya, tulo osabwera, ku ntchito ndinkangoyenda ngati mthunzi. Ndinkadzifunsa kuti ndinadzatani kuno, ana anga n'kukafa ine kulibe. Madzulo ena mayi wa ku Thyolo uja anafika atavala chitenje cha Mvano. Sananditsegulire vesi, sanandiuze kuti ndilimbe mtima. Anatereka phala, anandikhazika pa bedi, nati, "Imwani, mayi. Foni bweretsani kuno, ndiziimba ndine. Inu gonani. Zopemphera tisiyireni ife, tikupemphererani." Anakhala pambali panga usiku wonse akuimba manambala aja mobwereza, ine n'kugona koyamba.

Pambuyo pake ndi pamene anandikumbutsa za Eliya yemwe uja, mu 1 Mafumu 19. Munthu amene anaitanitsa moto pa phiri la Karimeli anathawa Yezebeli, nakagona pansi pa mtengo m'chipululu, kupempha kuti afe. Mulungu sanamudzudzule. Anatumiza mngelo ndi mkate ndi madzi, kumuuza kuti adzuke adye, namulola kugonanso, kenako kumudyetsa kachiwiri chifukwa ulendo unali wautali. Zoyankhula zinabwera pambuyo. Ngati muli ndi mnzanu amene wafika poterepa, musathamangire kumulalikira. Muphikireni, mulondereni foni, mulekeni agone. Ndipo ngati ndinu amene mwafika poti pemphero silikutuluka, sikuti chikhulupiriro chatha. Nthawi ngati imeneyo mpingo ndiwo umakupemphererani.

Uthenga unafika kudzera kwa mnyamata wina amene anayenda wapansi mtunda wautali kukapeza netiweki. Amayi ndi ana anali moyo, pasukulu ina pamodzi ndi anthu ena othawa madzi. Nyumba inagwa, mbuzi zinapita, munda unakwiririka ndi mchenga ndi miyala. Ndinathokoza Mulungu ndi misozi. Koma sindinenapo, ndipo sindidzanena, kuti pemphero langa linamveka kuposa la ena. Mayi wina wa mumpingo mwathu, wopemphera kuposa ine, anataya mchemwali wake ndi ana ake, ndipo mitembo ina sinapezeke. Anthu mazanamazana anafa, oposa 500,000 anasowa pokhala. Chifukwa chake ena anapulumuka ena ayi, ine yankho ndilibe. Ndimangodziwa kuti m'Baibulo muli Salimo 88, limene limayamba ndi kulira n'kutha ndi mdima, lopanda mawu otonthoza kumapeto, koma Mulungu analola kuti likhalemo. Kwa mayi ameneyo tinkapita kukangokhala naye pansi, monga timachitira pasiwa kumudzi.

Kumanganso nyumba kunandiphunzitsa chinthu china chofuna kulimba mtima, chimene ambiri a ife timachithawa: kunena zoona kwa abale a kumudzi. Ife a ku Joni timakonda kujambulitsa titaima pafupi ndi galimoto ya abwana, ndiye kumudzi amaganiza kuti ndalama timachita kutola. Zopempha zimachuluka, ife n'kumakongola kwa akatapila kuti tisachite manyazi. Ine ndinawaimbira amayi n'kuwauza zonse: ndimalandira zingati, lendi ndi zingati, takisi ndi zingati, ndimagona chipinda chotani. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwana wanga, bwanji sunkanena? Timange pang'onopang'ono." Tinayamba ndi chipinda chimodzi, njerwa akuumba achimwene, malata ndikugula ine ndi ndalama ya chipeleganyu cha amayi a pamphakati. Kwacha itagwa mu Novembala chaka chomwecho mitengo ya simenti ndi malata inakwera, tinaima kaye, kenako tinapitiriza. Kuyambira nthawi imeneyo amayi akamandipempherera amatchula zinthu zenizeni, lendi, takisi, chifuwa changa, osati za munthu wa pa chithunzi.

Chaka chomwecho, usiku wa pa 31 Ogasiti, nyumba yosanja ya Usindiso ku Marshalltown inapsa, n'kupha anthu 76, pakati pawo Amalawi anzathu. M'kati mwake munali tizipinda togawa ndi matabwa, ndipo makomo ena otulukira anali otseka. Anthu ankakhalamo chifukwa lendi yake inali yotsika, ndipo aliyense wa ife akanatha kupezekamo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Bambo wina wa mumpingo mwathu anasowa mphwake pa ngoziyo. Tinkasinthana kumuperekeza, kuzipatala, kenako ku nyumba ya chisoni ku Diepkloof kumene anatengera mitembo. Ambiri anapsa moti sankazindikirika ndi maso, mpaka pankafunika kuyeza magazi a achibale. Panali ena amene palibe ankadziwa dzina lawo lenileni, mudzi wawo, kapena woti n'kumuimbira, chifukwa kuno ankadziwika ndi dzina longopatsidwa pa ntchito. Zimenezo zinandipweteka kuposa china chilichonse. Kwinakwake ku Mangochi kapena ku Machinga kuli mayi amene akudikirabe foni.

Titachoka kumeneko tinakhala pansi monga mphakati n'kugwirizana zinthu zingapo. Aliyense akafuna kusamukira chipinda chatsopano, mmodzi wa abambo amapita naye kukaona potulukira pakabuka moto, ndipo ngati palibe, timamuthandiza kufunafuna kwina ngakhale lendi ikwereko. Nyengo yozizira timakumbutsana kuti mbaula isagone m'chipinda chotseka, chifukwa utsi wake wosaoneka umapha munthu ali m'tulo, ndiponso kuti kandulo izizimitsidwa magetsi akathima tisanagone. Tinalimbikitsanso gulu lathu la maliro. Timasonkha kandalama kochepa mwezi ndi mwezi, chifukwa kunyamula thupi kuchoka kuno kukafika ku Malawi kumadya ndalama zimene banja limodzi silingapeze mwadzidzidzi. Ena amati kukonzekera maliro n'kuitana imfa, kapena n'kusowa chikhulupiriro. Ine sindikuona choncho. Yosefe ali ku Igupto analumbiritsa abale ake kuti adzanyamule mafupa ake popita kwawo, ndipo kalata ya kwa Aheberi imatchula zimenezo kuti n'chikhulupiriro.

Mlembi wathu ali ndi kope. Muli dzina lenileni la munthu aliyense monga lilili mu pasipoti, mudzi wake, mfumu yaikulu, boma, nambala za achibale awiri a kumudzi, kumene akugona kuno ndi kumene akugwira ntchito, ndiponso amasunga chithunzi cha pasipotiyo. Kopeli latithandiza kale pa matenda, pa munthu womangidwa amene tinakamupeza ku Lindela, kumene amasunga alendo oti abwezedwe kwawo, ndi pa maliro. Sitifunsa kuti ndinu a mpingo uti. Muli Akatolika, a Seventh Day, a Pentekoste, ngakhale achimwene athu Achisilamu awiri ogwira ntchito ku Mayfair. Ngati muli ku Joni kuno ndipo palibe munthu amene akusunga zimenezi za inu, funsani kumene Amalawi a dera lanu amakumana, mupiteko Lamulungu likubwerali, mukalembetse dzina lanu ndi la kwanu.